Maliya Awiri a Chaka cha Napolo

A Lameck Mulipa ndi munthu amene mungakwere naye minibasi kuchokera ku Matawale mpaka mumsika, n'kutsika osakumbukira nkhope yake. Ngwamfupi, amavala malaya oyera a manja aatali ngakhale mu Okutobala, ndipo akamayankhula amayang'ana nsapato za mnzake. Ku Mbedza kumene amakhala anthu amangowatchula kuti abambo a pakompyuta. Ndi ochepa amene amadziwa za mayi wina wa kuphiri amene a Lameck anamulemba kuti anamwalira akadali moyo, ndi zimene zinamugwera mayiyo pa miyezi imene panalibe wopita kukamuitana kuti adzatenge mankhwala.

Anabadwira mu Zomba momwemu nthawi imene tauniyi inali likulu la dziko. Bambo awo anali mesenjala wa boma, woyenda ndi mafayilo kukhwapa kuchokera ofesi ina kupita ina, ndipo likulu litasamuka iwo anatsala, ati miyendo yawo inazolowera zitunda. Lameck anaphunzira kusukulu ya mishoni, kwa aphunzitsi amene ankakhulupirira kuti mwana ukamuyamikira amawola. Zilembo zake zinkaima ngati asilikali pa perete, ndipo mphotho yake inali yakuti mphunzitsi ankadutsa pa desiki yake osaima. Atamaliza anaphunzira kutayipa, nagwira ntchito mwa amwenye pang'ono, kenako analembedwa ukalaliki pa kachipatala ka bungwe lina la mpingo, chakumtunda kwa tauni, pamene msewu umayamba kukwera phiri. Anakwatira a Victoria, mphunzitsi wa sitandade thuu. Mpaka lero akadali pa kachipatala komweko.

Ntchito yawo yoyamba inali ya pawindo, kulemba odwala atsopano pa makadi. Dzina silinkavuta, mudzi sunkavuta. Chovuta chinali tsiku lobadwa, makamaka kwa akuluakulu otsika kumidzi ya m'mbali mwa phiri.

"Munabadwa liti, amayi?"

"Iii, ndiye ndidziwe bwanji ine? Ndinali ndi kalendala m'mimbamo?"

"Amayi anu sanakuuzeni kuti kunachitika chiyani chaka chimenecho?"

"Ankati n'chaka cha Napolo."

Apo a Lameck ankadziwa kuti akunena 1946, chaka chimene madzi ndi miyala zinatsika phiri n'kukokolola milatho ndi nyumba. Chaka chikapezeka, tsiku ndi mwezi ankangolemba 1 Januwale, chifukwa lamulo linali lakuti danga lisatsale lopanda kanthu. Makalaliki onse ankatero. Anamwino ankaseka kuti theka la anthu a kuphiri linabadwa tsiku la Nyuwere, ndipo mzamba wawo anali a Mulipa.

Makompyuta anafika patapita zaka zingapo zipani zitachuluka. Anthu othandiza chipatalacho anatumiza mnyamata wa ku Blantyre kuti aike detabesi ndi kuphunzitsa munthu mmodzi woti aziisamalira. Anasankha a Lameck chifukwa ndiwo ankadziwa kutayipa. Iwo poyamba anachita mantha, koma atamvetsa mmene chinthucho chinakonzedwera anachikonda, pakuti chinali ndi dongosolo. Munali matebulo. Tebulo lina linali la anthu, munthu aliyense mzere wake ndi nambala yake. Lina linali la maulendo, tsiku lililonse limene munthu wabwera, sikelo yake, mmene magazi akuthamangira. Lina la mankhwala. Nambala ya munthu ndiyo inkalumikiza zonsezi, moti ukaigwira unkakoka mbiri yake yonse. Mawu olamulira anali achingerezi koma owerengeka, ndipo a Lameck anawaloweza ngati katekisimu: SELECT pofunsa, UPDATE posintha, DELETE pofufuta. Mnyamata uja anawachenjeza kuti kufunsa n'kwaulere, koma mawu awiri enawo sabwerera.

Tsiku lawo linkayamba anthu asanadzaze mabenchi. Ankapukuta fumbi pa seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse, n'kuona ngati kopi ya dzulo yasungika. Ankapatsa pasiwedi yatsopano namwino amene waiwala yake, nthawi zambiri namwino yemweyo. Magetsi akathima mwadzidzidzi ankadikira jenereta, n'kuyendera matebulo kuona ngati pena paduka. Lachisanu ankakopera zonse pa fulashi, n'kukaisiya mu kabati ya a Sisitala Judith, amene anali mkulu wa chipatalacho.

Koma ntchito imene ankailemekeza koposa inali funso la Lolemba. Chipatalacho chinkasamalira okalamba ambiri a BP ndi shuga, amene ankayenera kubwera mwezi ndi mwezi kudzatenga mankhwala. Lolemba lililonse a Lameck ankafunsa detabesi kuti iwaonetse onse amene tsiku lawo ladutsa osabwera, kupatula amene anasamuka ndi amene anamwalira. Mayina akatuluka pa pulinta, azaumoyo ankagawana, n'kukwera njinga kukawaitana. BP sipweteka, munthu amangoona ngati ali bwino, ndiye ambiri ankabwera pokhapokha aone njinga ya chipatala pakhomo.

Midzi ya kumtunda anaiyendera kwa zaka zambiri mayi Norah, amene ankadziwa khomo lililonse ndi galu wake yemwe. Iwowo atapita kusukulu ya unamwino, dera lawo analitenga che Nasoro, bambo wa ku Chinamwali, wamtali ndi wokonda nthabwala. Che Nasoro sankawadziwa anthu a kumeneko. Ankatsata pepala.

"Akulu, mwandiphikira chiyani lero?" ankatero polowa mu kaofesi ka a Lameck. "Musandipatse a pamwamba okhaokha. Inu mpando wanu uli ndi matayala, ine ntchafu zatha."

"Si ine ndasankha, che Nasoro. Ndi amene sanabwere."

"Ndiye muiuze kompyuta yanuyo tsiku lina ikwere yokha, ikaone."

Chaka chimenecho mu Julaye kunabwera mlendo wochokera kwa othandiza aja. Ataona ziwerengero ananena kuti odwala achuluka kuposa anthu enieni. Sananame. Munthu akataya kabuku kake ka kuchipatala, kapena kakanyowa ndi mvula, ankaopa kukalipiridwa, ndiye ankabwera ngati watsopano n'kupatsidwa nambala ina. Ena anali ndi manambala atatu. Mlendoyo anati lipoti silingalandiridwe zinthu zili choncho, ndipo a Sisitala Judith anapempha a Lameck kuti akonze sabata lisanathe.

A Lameck analemba funso loti liwapezere mizere yonse yofanana dzina, dzina la bambo, mudzi ndi tsiku lobadwa. Inatuluka yambirimbiri, iwiriiwiri. Anayamba bwino. Ankatenga awiri, n'kupita ku mabokosi a makadi akale, n'kufananitsa. Awiri oyamba anali munthu mmodzi. Otsatira chimodzimodzi. Anatero tsiku lonse ndi m'mawa mwake, zala zitauma ndi chiperoni, ndipo sanapeze ngakhale pamodzi pamene funso lawo linalakwitsa. Apo mtima unakhala pansi. Anadziuza kuti anthu awiri osiyana sangafanane zinthu zinayi zonsezo. Otsalawo anawaphatikiza ndi lamulo limodzi: maulendo onse asamukire ku nambala yakale, nambala yatsopano ifufutidwe. Kompyuta inagwira ntchitoyo iwo asanamalize kumwa tiyi.

Pa msonkhano wa antchito a Sisitala Judith anawaimiritsa pamaso pa onse. Anati mlendo uja walemba kuti detabesi yawo ndi yoyera kuposa ya zipatala zazikulu, ndipo anthu anawomba m'manja. A Lameck anayang'ana pansi, makutu akutentha. Koma madzulo ake, akutsika kupita ku Mbedza, anazindikira kuti akuyenda mopepuka, ndipo atafika anawafotokozera a Victoria mawu a mlendoyo onse osasiyako.

Miyezi inadutsa. Chisanu chinatha, jakaranda anachita maluwa n'kuyoyoka, kunja kunatentha. Mu Novembala, tsiku lina Lachitatu, a Lameck ankakonza lipoti la amene anamwalira. Anali ndi chizolowezi chofunsa kaye ngati pali munthu amene walembedwa kuti anabwera kuchipatala tsiku lake lomwalira litadutsa, chifukwa anamwino nthawi zina ankaphonya chaka potayipa. Nthawi zambiri funsolo linkabwerera lopanda kanthu. Tsiku limenelo linabwera ndi dzina limodzi.

Maliya Makwinja, wa kwa Namputu, wobadwa pa 1 Januwale 1946. Anamwalira mu Malichi. Anabwera kudzatenga mankhwala a BP mu Epulo, mu Meyi ndi mu Juni.

A Lameck anaganiza kuti wina waphonya mwezi. Anatsegula maulendo onse a nambalayo, n'kuyamba kuwerenga. Tsiku lina la mu Januwale Maliya Makwinja anayezedwa kawiri. Koyamba anali mayi wonenepa wa shuga. Kachiwiri, m'mawa womwewo, anali mayi wochepa thupi wa BP. A Lameck anapita kukabwereka fulashi mu kabati ija, natsegula pambali kopi ya mu Juni, ya nthawi imene anali asanaphatikize kanthu. Atafunsa dzinalo, inatuluka mizere iwiri, manambala awiri. Wa nambala yakale, wa shuga uja, ndiye anamwalira mu Malichi. Wa BP anali moyo, ndipo iwo anamuthira m'nambala ya womwalirayo. Kuyambira Julaye sanabwerenso, ndipo funso la Lolemba silikanamutulutsa, chifukwa silifunsa za akufa.

Chinawapweteka kwambiri si dzina ayi, koma tsiku lobadwalo. Ankalidziwa tsiku limenelo. Analilemba okha ndi dzanja lawo pa makadi osawerengeka, akudziwa bwino kuti silitanthauza kanthu koma kuti munthu sadziwa. Ndiye mu Julaye analitenga ngati umboni.

Kubwezera mzerewo kunali kosavuta. Anautenga mu kopi yakale, n'kuubwezera ndi nambala yake, n'kubwezanso maulendo ake. Pamenepo anaona kuti akanatha kusiya zinthu pomwepo. Lolemba dzinalo likanatuluka lokha pakati pa ena, che Nasoro akanakwera, ndipo palibe akanafunsa kuti linali kuti miyezi yonseyi. Anaganiza zimenezo kwa kanthawi ndithu, ndipo mpaka lero manyazi awo aakulu ali pa kanthawi kameneko. Koma Lolemba linali kutali, ndipo mayiyo mankhwala anamuthera kalekale.

A Sisitala Judith anali m'chipinda chobayira jakisoni, akusamba m'manja. A Lameck anaima pakhomo n'kufotokoza zonse motsatana, ngati akuwerenga maminitsi a msonkhano. A Sisitala anamvetsera osawadula.

"Ena oterowo alipo angati?"

"Sindikudziwa, Sisitala."

"Simukudziwa."

"Ayi. Ndinaona oyamba okha. Otsalawo sindinawaone."

A Sisitala anapukuta manja pang'onopang'ono. "Zimenezo tikambirana. Panopa pezani che Nasoro. Galimoto yapita kuchipatala chachikulu cha Central ndi mayi woyembekezera, ikabwera ndiitumiza mpaka pamene msewu uthera."

Che Nasoro anali pansi pa mtengo akupopa tayala. Atamva kuti a Lameck akupita nawo, anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Inuyo? Ndi nsapato zapatchalitchizo? Lero kugwa mvula ya matalala."

Atamva chifukwa chake anasiya kuseka. Anabweza pampu m'chikwama, n'kungoti, "Kwerani pa kaliyala mpaka pamlatho. Kuchokera pamenepo tikankha."

Anakankhadi. Njira ya kwa Namputu imasiya tala n'kulowa m'mapaini, kenako n'kutulukira pamalo ogwetsedwa mitengo, pamene dzuwa limamenya munthu pamutu popanda pothawira. Ankakumana ndi amuna otsika ndi njinga zosenza nkhuni kuposa msinkhu wawo, atapondereza nsapato pa tayala m'malo mwa buleki, ndi amayi osenza mitolo yaitali, ndipo aliyense ankapatsa moni che Nasoro n'kuyang'ana malaya oyera a mnzawoyo. A Lameck anakhala zaka zonsezo akuona phirili pawindo, koma mbali imeneyi anali asanapondeko. Ankaganiza za mayi wazaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi amene ankatsika njira yomweyi n'kukweranso tsiku lomwelo.

Atalowa m'mudzi anapeza bambo wina akusema mpini pakhonde.

"Tikufuna kwa mayi Maliya Makwinja," anatero che Nasoro.

"Uti? Make Frank kapena make Ellen?"

"Alipo awiri?"

"Analipo awiri. Anakwatiwa ndi anthu apachibale, mkulu ndi mng'ono wake. Make Frank tinaika nthawi ya mvula. Make Ellen ndi uko, nyumba ya malata akale pafupi ndi mapeyala." Bamboyo anaika kasemasema pansi. "Mwamva mochedwa, eti?"

A Lameck anagwira chishalo cha njinga. "Ali moyo?"

"Ali moyo. Koma mukaona nokha."

Pakhomopo panali mayi wa zaka za m'ma sate, akuyanika zofunda pa chingwe. Ameneyo anali Ellen. Ataona njinga ya chipatala anasiya bulangete, n'kubwera akupukuta manja pa chitenje, nkhope itawala.

"Ambuye ngwabwino! Amayi, a chipatala abwera! Takulandirani, takulandirani. Lowani, musavule nsapato."

A Maliya anagona pa mphasa pafupi ndi khomo, atatsamira pilo. Anali mayi wochepa thupi, monga sikelo inanenera. Mbali imodzi ya nkhope inagwa, ndipo dzanja lamanja linali pachifuwa litafumbata, ngati si lawo. Atawaona alendowo anayesa kudzuka. Pakamwa panatuluka mawu olemera osamveka, koma maso anali amoyo, akuyenda kuchokera kwa che Nasoro kupita kwa a Lameck.

Ellen anafotokoza kuti zinachitika mwezi wathawu. Mayi ake anapita kudimba m'mawa, ndipo anthu anawapeza atagwa pakati pa mbatata. Anawatengera kwa munthu wina wopemphera, kenako kwa wina wa zitsamba. Zopita nawo kutauni anali akuganizabe, koma wowanyamula ndani, amuna onse ali kunkhuni.

"Nanga mankhwala a BP aja?" anafunsa che Nasoro, akumanga lamba woyezera pa mkono wabwinowo.

"Anatha nthawi ya chisanu. Ine ndinkawauza kuti tiyeni. Iwo amvekere, ‘Akandifuna anditumizira Norah. Akhala chete, ndiye kuti ndachira.’ Mukuwadziwa akuluakulu. Ndiponso mutu sunkawapweteka, ankalima bwinobwino." Ellen anaseka pang'ono. "Tinkangoti a chipatala atiiwala. Koma onani, mpaka abwana a mu ofesi akwera okha. Mulungu akudalitseni, bambo."

Che Nasoro anayang'ana pa geji, n'kupopanso kachiwiri. Kenako anayang'ana a Lameck, n'kupukusa mutu pang'ono. Anatuluka panja kukaimba foni pamene pamagwira netiweki.

A Lameck anapempha Ellen kuti atuluke naye pakhonde.

"Chemwali, musandithokoze. Sikuti anakuiwalani. Dzina la mayi silinkatuluka pa pepala la oitanidwa. Kompyuta inkaonetsa kuti anamwalira mu Malichi."

"Amene anamwalira ndi amayi aakulu, make Frank."

"Eya. Anaphatikizidwa, kukhala munthu mmodzi."

Ellen anawayang'ana. "Anaphatikizidwa bwanji? Wina wonenepa, wina chonchi? Kompyutayo ilibe maso?"

"Ilibe. Imachita zimene yauzidwa."

"Ndiye anaiuza ndani?"

"Ndine."

Ellen anayang'ana malaya awo, amene tsopano anali ofiira ndi fumbi, n'kuyang'ana nsapato. Nkhuku inadutsa pakati pawo. M'nyumbamo a Maliya anaitana ndi mawu awo olemera aja.

"Mukanafunsa," anatero Ellen. "Mwana aliyense m'mudzi muno akanakuuzani."

"Ndikanafunsa."

"Ndiye mwabwera kudzatani? Kudzaona ngati anamwaliradi?"

Ellen anatembenuka, n'kukatenga bulangete lija pa chingwe, n'kulikung'untha mwamphamvu kuposa mmene linkafunikira.

Che Nasoro anabwera akuti BP yakwera moopsa, mayiwo sayenera kugona kumudzi, ndipo galimoto idikira pamlatho. Bambo wosema uja anabweretsa nsungwi yaitali, anamangirira bulangete mbali zonse ziwiri, n'kuwagoneka a Maliya m'menemo. Amuna analipo atatu okha, ndipo wina ankayenera kutsitsa njinga. Ellen analoza a Lameck.

"Awa agwire kumutu. Kumbuyo n'kumene kumaoneka nkhope."

Anatsika choncho, che Nasoro patsogolo, a Lameck pambuyo, nsungwi ikudya phewa limene linali lisananyamulepo kanthu kolemera kuposa bokosi la mapepala. Nsapato zinkaterereka pa masamba a paini. Nkhope ya a Maliya inali pafupi ndi chifuwa chawo, ndipo njira yonse mayiwo ankawayang'ana. Pena a Lameck anapunthwa n'kugwada bondo limodzi, koma nsungwi sanaisiye. A Maliya anatulutsa dzanja labwino m'bulangetemo, n'kuwasisita pamkono ngati mmene amatonthozera mwana.

"Akuti pepani," anatero Ellen kumbuyo, mawu ali ouma.

A Maliya anagonekedwa kuchipatala chachikulu, ndipo BP inatsika. Sanamwalire. Mwendo unabwerera pang'ono moti amayenda ndi ndodo kuchokera pakhomo kufika pa mapeyala, mawu ena amamveka, koma dzanja lamanja linatheratu. Ellen anasiya geni yake ya sitiroberi kumsewu wa pamwamba kuti aziwasamalira. A Lameck anafunsa dokotala wina ngati zikanachitikabe mayiwo akanakhala akumwa mankhwala. Dokotalayo anati palibe angadziwe, ena zimawagwera ali pa mankhwala pomwe. Anawauza zimenezo mokoma mtima, ndipo a Lameck anathokoza, koma sanazitenge.

Masabata otsatira anamasula onse amene anawaphatikiza mu Julaye, n'kuyamba kuwaona awiriawiri, ndi makadi, ndi masikelo, ndipo pamene akayika ankatuma che Nasoro kukafunsa kumudzi. Ambiri analidi munthu mmodzi. Panapezeka ena ochepa amene anali anthu osiyana, koma onsewo anali amoyo ndipo ankabwera okha. A Sisitala Judith analembera othandiza aja kuti ziwerengero zisintha, ndipo anauza a Lameck kuti lamulo lofufuta lisamaperekedwenso popanda munthu wachiwiri woona. Sanawachotse ntchito, sanawakalipire pagulu. A Lameck akanakonda akanawakalipira. Mu tebulo la anthu anawonjezera madanga awiri, lina losonyeza kuti tsiku lobadwa ndi longoyerekeza, lina la dzina limene munthu amadziwika nalo kwawo. A Lameck anauza a Victoria zonse usiku wa tsiku limene anakwera phiri lija. Iwo anamvetsera, n'kutenthetsa madzi oti athowe phewa, ndipo nkhaniyo sanaiyambitsenso.

Popeza a Maliya sangathenso kutsika phiri, a Sisitala analola kuti mankhwala awo azipita kumudzi, che Nasoro aziwayeza komweko. Koma wonyamula mankhwalawo ndi a Lameck. Loweruka loyamba la mwezi amavala nsapato za jombo zimene anagula pa kaunjika, n'kukwera. A Maliya akawaona amawala nkhope mbali imene imagwira ntchito. Kwa iwo a Lameck ndi bambo wa mu ofesi amene anawakumbukira onse atawaiwala, nawanyamula paphewa pake. Amauza aliyense wobwera pakhomopo, ndi mawu awo ovutawo, ndipo mapiritsi amamwa mosaphonya chifukwa abwera ndi iwowo. Nyengo ya mapeyala amawasankhira akuluakulu. A Lameck amalandira ndi manja awiri, ndipo potsika thumbalo limawalemera kuposa mmene liyenera.

Tsiku lina Ellen akuwaperekeza mpaka pa mapaini, a Lameck analimba mtima.

"Chemwali, mayi simunawauze?"

"Ayi."

"Ndimaona ngati ndikuwanamiza. Mwina ndiwauze ndekha."

Ellen anaima. "Kuti inu mupepukidwe?"

Kenako Ellen anapitiriza.

"Mukawauza, mankhwala anuwo akawataya kudzala, ndimawadziwa ine. Kenako agwenso, ndiye muwanyamule ndani?" Anawapatsira thumba la mapeyala limene anawanyamulira. "Zimenezo sungani nokha, bambo. Inu muzingobwera. Mwezi wamawa mubweretsenso mafuta opaka aja, mwendo ukumauma."